Thanki Imene Inakana Ukhondo wa Amayi Anga

Amayi anga anthu amawatchula kuti Anakwecha. Si dzina la makolo. Linachokera kwa abambo, amene amati mkazi wawo akagwira poto amamukwecha mpaka potoyo apepese. Kwathu nsapato zimagona kunja kwa chitseko, masupuni amayang'ana mbali imodzi, ndipo ukakhalitsa pampando, monga ndakhalira ine chimalizireni sukulu, umapezeka wapukutidwa limodzi ndi mpandowo. Abambo amati ngakhale ntchentche ikafika pakhomo pathu imayamba yapukuta mapazi. Amayi saseka. Amangoti, "Kwezani miyendo, bambo."

Amagwira ntchito yoyeretsa pa chipatala cha mano, m'nyumba yosanja, pamwamba pa sitolo ya mankhwala. Anayamba ine ndisanavale yunifolomu. M'chipinda chodikirira muli mipando yolumikizana, tebulo la magazini akale, kauntala, ndi thanki ya galasi yotalika ngati bedi, yodzaza madzi amchere. M'thankimo muli miyala ya mabowomabowo, mchenga woyera, tinsomba tiwiri ta mizeremizere, ina yachikasu ya mlomo wosongoka, nkhono, ndi makorali. Makorali ndi zamoyo zomata pamiyala. Ukaziona ungati ndi maluwa, koma ndi nyama, ndipo zikakhumudwa zimadzitseka ngati chibakera.

Poyamba thankiyo sinali yawo. Kunkabwera bambo wa kampani ina ndi ndowa zake, n'kumasiya madontho pansi, amayi n'kumatsata pambuyo ndi chikolopa akung'ung'udza. Adokotala, eni chipatalacho, atasiyana ndi kampaniyo anangoti, "Mayi, muzithirako chakudya m'mawa mpaka tipeze wina." Winayo sanapezeke. Amayi anaphunzira kusungunula mchere m'madzi osefedwa, kuyeza ngati mcherewo wakwana, kutsuka masefa, ndi kudontheza timankhwala m'kabotolo kuti mtundu wa madzi uwauze ngati muli zonyansa. Anawaphunzitsa ndi bambo wa sitolo ya nsomba zoweta, amene kwathu timangomuti Wansomba.

Muyenera kumvetsa chimene thankiyo inawachitira, apo ayi nkhaniyi muiona ngati ya munthu wongovutika ndi madzi. Zaka zonse zija anthu ankaona chikolopa chokha, n'kukweza miyendo, maso ali pafoni. Palibe ankawayang'ana kumaso. Koma ataima pa thanki manja ali m'madzi, anthu anayamba kuwalankhula. "Amayi, iyi imaluma?" "Amayi, maluwawa ndi enieni?" Mwana akamalira poopa mpando wa Adokotala, ankamunyamula n'kumuonetsa korali wawo wapamtima, wa timanja tambirimbiri tobiriwira togwedera ngati udzu pamphepo. Mwanayo ankatonthola. Amayi ankabwera kunyumba n'kutiuza zimene mwana wa eni ake wanena, mawu ndi mawu, ngati uthenga wa pawailesi.

Mdani wawo woyamba anali ndere zobiriwira zomera pagalasi ndi pamiyala. Kwa Anakwecha, chinthu chobiriwira chimene sanachibzale okha ndi chipongwe. Analimbana nazo mmene amalimbanirana ndi bafa ya kwathu. Ankakwecha galasi tsiku lililonse. Ankatulutsa miyala n'kuitsuka ndi mswachi, pakuti miswachi pamalo pamenepo sisowa. Madzi ankasintha kawirikawiri kuposa mmene Wansomba ananenera, poganiza kuti chabwino chikachuluka sichiononga. Nsomba anazichepetsera chakudya kuti zisamaipitse madzi, naika kathumba koyamwa zonyansa kuseri kwa sefa. Tsiku lina anabwera kunyumba nkhope ikuwala.

"Ndayeza," anatero. "Mulibe kanthu. Madzi mbee."

"Ndiye nsombazo zimachitira kuti chimbudzi?" abambo anafunsa.

"Zikudziwa amene akuzisunga."

Sipanapite nthawi, kunabwera mamina. Ndikupepesa chifukwa cha liwuli, koma palibe lina. Tinali tizingwe tofiirira, toterera, tolendewera pamiyala ndi pa makorali, chilichonse chili ndi kathovu kunsonga. M'mawa amayi akamatsegula chipatala, thanki inkakhala yooneka bwino. Magetsi a m'thanki akayaka, pofika masana mchenga wonse unali utafiira, tizingwe tija tikugwedera ngati tikuwapatsa moni.

Mtsikana wa pakauntala, amene amayi amamutchula kuti Zikhadabo chifukwa amalemba pakompyuta ndi nsonga za zikhadabo zopaka utoto, sanachedwe kuona.

"Amama, nsomba zanu zadwala chimfine?"

"Samala za mafoni ako."

"Ndimangofunsa. Mwina ndizilembe pamzere, Adokotala azione."

Amayi anajambula chithunzi n'kutumiza kwa Wansomba. Iye anayankha kuti ndi fumbi lofiirira limene limabwera m'thanki zambiri n'kutha lokha. "Muzingopukuta, mayi, ndi kusintha madzi." Kuuza Anakwecha kuti azipukuta kuli ngati kuuza moto kuti uziotcha. Anapukuta. Anasintha madzi. Mawa lake mamina anabwera ndi abale awo.

Amayi anapita okha kusitolo ya nsomba ija atanyamula foni. Wansomba anayang'anitsitsa chithunzi n'kuwafunsa ngati zinthuzo zimauluka ngati fumbi ukazipemerera madzi. Amayi anati ayi, zimatamuka. Anafunsa ngati zimasendeka ngati khungu la pamwamba pa mkaka wowiritsa. Amayi anati mwina, pena ndi pena. "Ndiye ndi zofiira zija," anatero Wansomba, "si ndere kwenikweni, ndi mabakiteriya oyala ngati kapeti." Anawapatsa ufa wothira m'madzi. Ufawo unapha kachigamba kofiira kamene kanali pakona, koma mamina aja anangoti zikomo potichotsera mnzathu, natenga malo ake.

Kenako nkhono zinayamba kugwa pagalasi. Amayi ankazipeza chagada pamchenga, n'kuzitembenuza ndi chala, koma sizinkamatanso. Korali wa timanja uja anadzitseka, nakhala ngati chitsa chokutidwa ndi utoto wa dzimbiri. Ana anasiya kufunsa mafunso. Mayi wina anakoka mwana wake n'kumuuza kuti asagwire galasi, ndi lauve. Liwu limenelo amayi analibweretsa kunyumba ngati munga kuphazi. Tsiku limenelo anachapa makatani onse, ngakhale amene anali atangochapidwa, ndipo ine anandichotsa pampando katatu kapena kanayi mpaka ndinakaima pakhonde ngati mlendo.

Adokotala ndi munthu wosachulukitsa mawu, mwina chifukwa tsiku lonse amalankhula ndi anthu oyasamula amene sangayankhe. Anatuluka masana ena atavula magolovesi, naima pa thanki.

"Mayi, amisiri akubwera kudzapaka penti mwezi ukubwerawu. Chinthuchi chikakhala chikuonekabe ngati mpango wa munthu wa chimfine, chichoke. Tiikapo kanema."

"Ndikuyesetsa, Adokotala."

"Ndikuona. Koma odwala saona kuyesetsa."

Kanema safuna munthu womusamala. Amangofuna kupukutidwa fumbi, ndipo palibe mwana amene angafunse wopukutayo dzina la munthu wa m'kanema. Amayi anadziwa kuti thanki ikachoka, abwerera ku miyendo yokwezedwa ija.

Amene anatsegula njira ndi mayi wa ku labu, khomo loyandikana ndi chipatalacho, amene amayeza magazi. Amayi amamukolopera khonde mwa chifundo chabe, chifukwa sangapirire kuona theka la khonde lili loyera, theka lakuda. Mayiyo anawapeza ataima pa sinki akufinya nsalu ngati akuikwiyira.

"Anakwecha, bwanji nkhope ngati mwameza mankhwala owawa?"

Atamva nkhani yonse anati, "Tabweretsani pang'ono m'kabotolo. Ine za nsomba sindidziwa, koma chilichonse chili ndi nkhope ukachiyandikira."

Anadontheza kadontho pa kagalasi, naika pa maikulosikopu. Amayi anatseka diso limodzi n'kusuzumira. Iwo ankayembekeza kuona litsiro, chinthu chogona chimene munthu angachikweche. M'malo mwake anaona tinthu tambirimbiri tooneka ngati nthangala za chitowe, tofiirira, tikuzungulira ngati tamangidwa ndi ulusi, tina tikusambira kudutsa m'kuwalako mosapupuluma.

"Zikuyenda," anatero amayi.

"Zikuyenda ndithu."

"Ndiye masiku onsewa ndakhala ndikukolopa zinthu za miyendo?"

"Miyendo sindikuiona, koma sizikudikirani."

Mayi wa ku labu anagunditsa foni pa diso la makinawo n'kujambula kanema. Ndinamuonera kanemayo kunyumba kambirimbiri, ndipo ndikunena zoona, palibe chimene ndinachiona m'buku la sayansi kusukulu chimene chinandiimitsa tsitsi ngati tinthu timeneto. Amayi anamutumizira Wansomba kanemayo, ndipo ataona anaimba foni yekha. Amayi anaika pa sipika, tonse tili patebulo.

"Pepani mayi, ndinakusocheretsani. Pachithunzi zofiirira zonse zimafanana. Amenewo ndi madayino. Ndi tizilombo ta selo imodzi, tina tili ndi poizoni, n'chifukwa chake nkhono zikufa. Muzivala magolovesi. Madzi anu mukayeza akumaonetsa bwanji?"

"Mbee," anatero amayi, mawu akukwera pang'ono. "Mulibe kanthu."

"Vuto lake ndi limenelo."

Anafotokoza kuti m'thanki yabwino mumakhala tizamoyo tambirimbiri tolimbirana malo: ndere zobiriwira zija, mabakiteriya, tinsikidzi toyera tosaoneka bwino. Tonseto timadya zonyansa za nsomba. Madzi akayera mopitirira, timafa ndi njala, koma madayino amapirira, ndiye amatsala okha m'nyumba yopanda eni. Madzi atsopano amangowapatsa mphamvu.

"Ndiye nditani?" amayi anafunsa.

"Musiye kusintha madzi. Chotsani kathumba kaja. Nsomba muzizidyetsa mokwanira. Ndere zobiriwira zikamera kumbuyo, zisiyeni. Maminawo muziwakoka ndi paipi kudutsa pa nsalu yothina, koma madziwo muziwabwezera momwemo."

"Madzi omwewo? Akudawo?"

"Omwewo, mayi."

Foni inadulidwa. Abambo anatsokomola, ndipo ndinaona kuti akulimbana ndi milomo yawo.

"Zaka zonsezi," anatero, "ndimayesa ndine ndekha amene ndikufa ndi ukhondo."

Amayi anatenga kapu yawo ya tiyi, isanathe, n'kukaitsuka.

Sindikudziwa ngati mungamvetse chimene chimachitika munthu wotere akanyamula ndowa ya madzi achikasu, onunkha nsomba, n'kuwathira m'malo mmene wawachotsa. Amayi amati dzanja linkakana. Ankaima ndi ndowa m'mwamba, sinki ili pomwepo kuseri kwa chitseko ikuwaitana. Anathira ndithu, akukukuta mano mpaka Adokotala akanamva akanawalembera tsiku lodzaonetsa manowo. Anakuta thanki ndi makatoni kwa masiku angapo kuti tizilomboto tisaone kuwala, Zikhadabo n'kumauza odwala kuti nsomba zapita kutchuthi. Atavundukula, mamina anali atachepa. Koma pagalasi la kumbuyo panayamba kuoneka kanthu kobiriwira, kopyapyala, ngati ndevu za mnyamata.

Amayi anakayang'ana kanthu kameneko masiku ambiri. Ankakolopa pansi atafulatira thanki. Kunyumba ankadya pang'ono. Abambo anayesa kuwatonthoza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, amayi n'kuyankha kuti nkhono zake zinafa kale.

Loweruka lina, tsiku limene chipatala chimatseka masana, anabwera kunyumba akuimba nyimbo ya kutchalitchi. Anatipatsa moni tonse, ngakhale ine. Abambo anawayang'ana manja, zala zitachita makwinya.

"Mwatsuka," anatero abambo.

"Pang'ono pokha."

"Mwasintha madzi."

"Anali achikasu, bambo. Simunawaone. Anali ngati... sindinganene patebulo."

Lolemba masana mamina anali atabwerera, aatali kuposa kale, thovu lili ngwee pansi pa magetsi. Anali atakutanso korali wawo uja, amene anali atangoyamba kutulutsa nsonga za timanja. Amisiri a penti anali atabwera kale kudzayeza makoma, ndipo mmodzi anali atalemba kachizindikiro ka pensulo pamwamba pa thanki, pamene padzakhomedwe kanema. Amayi anakaona kachizindikiroko. Mwa zinthu zonse za m'chipindamo, ndi kokhako kamene sanakapukute, chifukwa anati sanafune kukagwira.

Chimene anachita pambuyo pake ndi chimene chandichititsa kulemba zonsezi. Ananyamula chidebe cha mchere, bulashi ya galasi, mswachi wa miyala ndi kathumba kaja, nakaziika pakauntala pamaso pa Zikhadabo.

"Tsekera izi m'kabati yako. Kiyi usunge iwe."

Mtsikanayo anasiya kulemba. "Ine?"

"Iwe. Chifukwa ndiwe wekha pano amene sungandimvere chisoni."

"Nanga mukadzapempha?"

"Usandipatse."

"Ngakhale mugwade?"

"Sindingakugwadire iwe, mwana iwe. Tseka."

Zikhadabo anatseka, kiyi n'kumuika pa kaunyolo ka m'khosi. Ndipo ntchitoyo anaigwira mokhulupirika kuposa ntchito imene anamulembera. Amayi akangoyandikira kabati ngati akupukuta pamwamba pake, iye ankagwira kiyi uja n'kumugwedeza osadzutsa mutu. Tsiku lina amayi anati akungofuna bulashi kuti achotse kadontho kamodzi kutsogolo. Mtsikanayo anati, "Amama, chidakwa chimatinso kapu imodzi yokha." Amayi sanamulankhule mpaka poweruka, koma mawa lake anamubweretsera mankhwala ochotsera utoto wa zikhadabo umene unadonthera pa kiyibodi.

Kunyumba tinalipira ndife. Ukhondo wonse umene thanki inakanizidwa unagwera pa ife. Anakwecha pansi pa mabedi, kuseri kwa firiji, m'mabowo a loko. Nsapato zanga za kusukulu, zimene sindidzavalanso, anazipolisha n'kuziika pakhomo ngati zikudikira kuti ndipite kwinakwake. Ndinawafunsa ngati ine sangandisiyeko monga asiyira thanki, mwina nanenso ndingamere kanthu. Anangondipatsa tsache.

Thanki inayamba kuipa m'njira yatsopano. Galasi la kumbuyo linabiriwira lonse. Pamiyala panamera timatsitsi. Madzi akayezedwa ankasintha mtundu pang'ono m'kabotolo, ndipo Wansomba ankati zili bwino, amayi n'kumva ngati akuwayamikira chifukwa chosasamba. Tsiku ndi tsiku ankakoka mamina ndi paipi, kusefa, kubwezera madzi. Tsiku ndi tsiku nsalu inkatuluka ndi zofiirira zochepa. M'mawa wina anaona timadontho toyera tikudumphadumpha pagalasi, natengera kadontho ku labu, poganiza kuti kwabwera mdani wachitatu. Mayi wa ku labu anasuzumira nati, "Awa ndiye ali ndi miyendo." Wansomba anati ndi tinsikidzi tabwino tija, eni nyumba abwerera. Nthangala za chitowe zinali zitatsala imodziimodzi, zikuzungulira mwaulesi.

Amisiri anafika ndi makwerero ndi zitini zawo, kanema ali m'katoni pakona. Adokotala anatuluka naima pa thanki, manja kumbuyo. Mchenga unali woyera, ngakhale unali masana. Korali uja anali atatambasula timanja take, osati tonse, mbali imodzi inali itafa n'kusiya chigoba choyera, koma totsalato tinkagwedera.

"Mamina atha," anatero Adokotala.

"Atsala pang'ono, Adokotala."

"Nanga zobiriwirazi? Sizingachoke?"

"Zakutsogolo ndizichotsa. Zakumbuyo zikachoka, mamina abwerera."

Adokotala anawayang'ana ngati munthu amene wamva mphaka akukana mkaka. "Inuyo, mayi, mukundiuza kuti tisiye ndere?"

Amayi amati mawu amenewo anawawawa potuluka kuposa dzino lozulidwa. "Tisiye, Adokotala."

Adokotala anatembenukira kwa amisiri n'kuwauza kuti akute thankiyo ndi pepala la pulasitiki penti isagweremo, ndipo kanema akamukhome pakhoma la uko, pamwamba pa magazini.

Thanki ilipo mpaka pano. Bulashi ndi mswachi zinabwezedwa kwa amayi, koma mchere umakhalabe m'kabati ya Zikhadabo, ndipo amayi akafuna kusintha madzi amayamba afunsa Wansomba ngati nthawi yakwana. Ana ena amaonera kanema, ena amabwerabe pagalasi. Ine ndikanakonda kulemba kuti amayi ndi osangalala, koma ndinalonjeza kulemba zoona.

Sabata yatha ndinapita kukawatenga poweruka. Pa mipando panali mayi wina wovala bwino, tsaya litatupa, akuyang'ana thanki. Anatembenukira kwa mnzake n'kunena mokweza, mmene anthu amalankhulira akaiwala kuti wokolopa ali ndi makutu.

"Nsomba zokongola, koma amene amasamala thankiyi ndi waulesi. Taonani ndere kumbuyoko."

Amayi anali pomwepo, nsalu ili m'manja. Zikhadabo anadzutsa mutu, dzanja likupita pa kabati ngati mlonda. Amayi anayenda mpaka pa thanki, naima maso ali pa khoma lobiriwira lija, limene akanalimaliza madzi a tiyi asanawire. Kenako anapemerera mpweya pagalasi, kunja kwake, pamene mwana wina anasiya chidindo cha mphuno, n'kupukuta mpaka galasi linalira.

"Kwezani miyendo, mayi," anatero.